Masamu akufuna chiyani m'situdiyo?

Takulandiraninso omvera athu, ino ndi nthawi ya makalata anu. Lero ambiri achokera kwa ophunzira a m'makoleji, ndipo akulira chinthu chimodzi: masamu.

Yoyamba ndi ya mtsikana wa chaka choyamba. Akuti: "Bambo muulutsi, ine ndinasankha maphunziro a zoulutsa mawu pothawa masamu. Kufika kuno ndapeza kuti teremu ino masamu alipo, ndipo ukalephera supitirira. Munthu wolankhula pa maikolofoni, masamu ngachiyani?"

Achemwali pepani, mwathawira kwawo kwenikweni kwa masamuwo. Ndikulankhula pano maso ali pa wotchi. Nkhani ziyamba 7 koloko ndendende, ndipo zisanayambe ndili ndi nyimbo ya mphindi 3 ndi masekondi 47, kenaka uthenga wa masekondi 30. Wachilendo amaphatikiza n'kupeza 3:77, kuiwala kuti mphindi imadzaza pa 60. Yankho lake ndi 4:17. Ndiye ndiwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 7:00:00, ndipeze kuti nyimbo iyenera kuyamba 6:55:43. Ndikachedwa, ina iduka. Masiku anga oyamba ndinasokonezapo zimenezi, woyimba anadulidwa kukamwa kuli yasa, ndipo amene ankandiphunzitsa ntchito anangondiyang'ana pagalasi osanena kanthu. Kuyang'ana kuja ndimakukumbukirabe.

Mukadzapita mbali ya kanema zidzawonjezeka. M'maiko ambiri sekondi imodzi imakhala ndi zithunzi 25, ndipo pokonza filimu mudzawerenga maola, mphindi, masekondi ndi zithunzizo. Choncho musajombe m'kalasimo.

Yachiwiri ndi ya mnyamata, ndipo yafupika: "Asainimenti yathu ikuti tifotokoze chifukwa chake decibel imayendera logarithm. Mutu waima. Thandizeni, tikupereka Lachisanu."

Achimwene, kukulemberani sindikulemberani, koma tamverani. Decibel ndi muyeso wa kukula kwa mawu kapena phokoso. Vuto ndi khutu la munthu. Kuchokera pa kaphokoso kochepetsetsa komwe khutu lingamve kufika pa chiphokoso chopweteka, mphamvu ya mawu imachuluka pafupifupi ka 1,000,000,000,000. Ndani angaike manambala otere pa kachida koyezera mawu? Logarithm imangowerenga kuti mwachulukitsa ndi 10 kangati. Apa ndi ka 12, ndipo kuchulukitsa kulikonse ndi 10 timakupatsa ma decibel 10. Chimtunda chonse chija chakwana pakati pa 0 ndi 120. Dzina loti decibel linachokera kwa Alexander Graham Bell wa telefoni uja, ndipo "deci" ndi gawo limodzi mwa magawo 10.

Nachi chomwe chimagwetsa ambiri pa mayeso. Makina awiri, aliwonse akusokosa pa ma decibel 60, mukawayatsa pamodzi sapanga 120. Amapanga 63 basi, chifukwa kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera pafupifupi ma decibel 3. Tengani kakyuleta, pezani logarithm (log) ya 2, muchulukitse ndi 10, muona 3.01 ikutuluka. Mukaiona ndi maso anu, asainimentiyo mwailemba kale theka. Langizo langa ndi lakuti mukapemphe kulowa m'situdiyo ya pakoleji panu, mukagwire chokwezera mawu, mukweze pang'onopang'ono uku mukuyang'ana manambala. Zomwe pabolodi zimaoneka ngati zamatsenga, zala zimazimva msanga.

Yachitatu yandibaya ine ndemwe. Walemba ndi wophunzira masamu wa chaka chomaliza: "Inu a pawailesi mumatipweteka makutu. Chinthu chikachoka pa 10 peresenti kufika pa 15 peresenti mumati chakwera ndi 5 peresenti. Simunaphunzire kodi?"

Mwatikwapula achimwene, ndipo sindikana, timalakwitsadi. Chakwera ndi mapointi 5, koma pochiyerekeza ndi pomwe chinali, chakwera ndi 50 peresenti, poti 5 ndi theka la 10. Choopsa n'chakuti wowerenga nyuzipepala akhoza kubwerera pa mzere n'kuonanso, koma womvera wailesi amamva kamodzi n'kupita nazo. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti pa masamu onse omwe ophunzira utolankhani amapatsidwa, a ziwerengero ndiwo sayenera kuchepetsedwa ngakhale pang'ono. Inunso achimwene, mukamaliza musatinyoze patali. Bwerani m'chipinda cholembera nkhani, anthu ngati inu timawasowa.

Pali ina yofunsa za kutalika kwa mlongoti wa FM, imeneyo tidzayamba nayo sabata yamawa. Pakadali pano wolembayo agawe 300,000,000 (mamita omwe funde la wailesi limayenda pa sekondi imodzi) ndi 100,000,000 (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi, ndiyo 100 MHz), adzatiuze kuti funde la 100 MHz ndi lotalika mamita angati. Wotchi ikuti 6:55:30. Achemwali a kalata yoyamba aja, ndatsala ndi masekondi angati?