Kusiya kaye masewera awiri kuti ukonze amodzi

Zikomo apampando. Akuluakulu, amayi, abambo ndi achinyamata nonse, ndathokoza kuti mwabwera. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambe.

Nyengo ya mipikisano yatha, ndipo masabata ano anthu angapo mwa inu mwandifikira ndi funso lofanana. Wina akuti, "Aphunzitsi, ndatopa, ndikufuna ndisiye kaye triathlon ndizingothamanga." Wina akufuna njinga yokha. Wina akuti madzi akumuchititsa manyazi, akufuna miyezi ingapo ya dziwe basi. Ndipo nonse mumafunsa motsitsa mawu ngati mukuulula mlandu. Si mlandu ayi. Ine ndimalimbikitsa zimenezi. Kungoti pali kachitidwe kamene kamamanga munthu, ndiye pali kena kamene kanandiyendetsa ine ndi ndodo.

Kwa alendo athu, triathlon ndi mpikisano wa masewera atatu otsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Pa mtunda wa ku Olimpiki, kumene masewerawa analowa mu 2000 ku Sydney, munthu amasambira kilomita imodzi ndi theka, n'kupalasa makilomita 40, n'kuthamanga makilomita 10. Pa triathlon yaitali yotchedwa Ironman, imene inayamba mu 1978 ku Hawaii, ndi makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga, kenako marathon yathunthu ya makilomita 42.

Tsono taganizani za munthu wapantchito, wapabanja, amene pa sabata amapeza maola asanu ndi atatu a pulakatisi. Akawagawa patatu, masewera alionse akungolandira maola awiri kapena atatu. Zimenezo zimakwanira kusunga pamene wafika, koma mbali imene uli wofooka siisuntha. Chaka chino umatuluka m'madzi uli kumapeto, chaka chamawa chimodzimodzi, ngakhale sunajombepo. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nthawi zina pamafunika kugwira nthambi imodzi ndi manja onse awiri.

Akatswiri enieni amachita zimenezi. Alex Yee wa ku Britain atapata mendulo ya golide ya triathlon ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, chaka chotsatira anaika mtima pa kuthamanga, ndipo mu April 2025 anathamanga London Marathon m'maola awiri, mphindi 11 ndi masekondi 8. Koma musaiwale kuti iyeyu anali wothamanga kuyambira kale: mu 2018 anali katswiri wa dziko lake pa mamita 10,000. Miyendo yake inali ikuudziwa kale msewu. Lucy Charles-Barclay, amene anakulira m'dziwe, mu 2021 anabwerera kukapikisana ndi osambira enieni pa mamita 1,500, ndipo mu 2023 anapambana Ironman ya dziko lonse ku Kona, ku Hawaii.

Nkhani imene ndimaiganizira kwambiri ndi ya Gwen Jorgensen wa ku America. Mayi ameneyu anapata golide ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016, ndipo pa triathlon panalibe mkazi womupeza pothamanga. Chakumapeto kwa 2017 analengeza kuti akusiya triathlon n'kupita ku marathon. Mu 2018 anathamanga ku Chicago n'kukhala wa nambala 11. Mu 2019 anamuchita opaleshoni ya chidendene. Ku Olimpiki ya Tokyo sanapite, ndipo kumapeto kwa 2022 analengeza kuti akubwerera ku triathlon. Sindikunena kuti analakwitsa, ayi, ine ndimamulemekeza chifukwa anatsata chimene mtima wake unkafuna. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ngakhale munthu wa mphamvu ngati zimenezo, wokhala ndi aphunzitsi ndi madokotala omuzungulira, phazi lake linavutika atangosamukira ku kuthamanga kokhakokha.

Chifukwa chake nachi, ndipo apa ndipempha mutchere khutu. Triathlon imakupatsa mtima ndi mapapo amphamvu kwambiri, chifukwa maola onse aja a njinga ndi dziwe amalowa mu injini imodzi. Koma m'madzi thupi limayandama, panjinga chishalo ndicho chimakusenza. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu sizimenyedwa pansi. Pothamanga, phazi lililonse likatera, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lako kawiri kapena katatu, ndipo zimenezi zimachitika kambirimbiri pa kilomita iliyonse. Mtima umazolowera ntchito yatsopano m'masabata ochepa. Fupa ndi mtsempha zimafuna miyezi. Ndiye munthu wa triathlon akayamba kungothamanga, mpweya sumuthera, satopa, palibe chomuchenjeza, koma pansi apa fupa likulira.

Ine zinandichitikira. Ndinapachika njinga, ndinasiya dziwe, ndipo maola onse aja ndinawathira mumsewu. Ndinkathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sabata, ndipo mwezi usanathe ndinali pa 70. Ndinkamva kukoma kwabasi. Kenako panayamba kakupweteka kakang'ono kumunsi kwa bondo, kutsogolo kwa mwendo, malo ongokwana nsonga ya chala. Ndikadina pamenepo ndinkadumpha, pambali pake palibe kanthu. Ndinkati zisiya zokha. M'mawa wina ndikutsika masitepe, ndinapezeka ndagwira khoma ndi manja onse, mwendo ukukana kuponda. Kuchipatala anati fupa lachita mng'alu chifukwa chopanikizidwa. Masabata ambiri ndinayendera ndodo, nsapato zanga zatsopano zili pakhomo, zingwe zake zili chimangire. Choncho mukamva ululu wa pamalo amodzi pafupa, woti mutha kuuloza ndi chala, umene ukukula mukamathamanga, imani tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala. Kuuma kwa akatumba kumamwazikana ndipo kumaphwa thupi likatenthedwa. Uwu ndi wina.

Amene mukusankha kuthamanga, onjezerani mtunda pang'onopang'ono, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzitsitsako kuti thupi limange zimene mwagumula. Maola otsalawo musawathamangire kuwadzaza. Ena apatseni njinga yofatsa, ena kunyamula zitsulo kawiri pa sabata, ena tulo. Amene mukusankha njinga muli pabwinopo chifukwa ilibe kumenya pansi, bola chishalo chikhale pamlingo woyenera, apo ayi mawondo ndi msana zidzakuuzani.

Nanga masewera awiri osiyidwawo afa? Apa pali nkhani yabwino. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, wofufuza wina dzina lake Robert Hickson ndi anzake anatenga anthu amene ankachita pulakatisi masiku asanu ndi limodzi pa sabata, n'kuwatsitsa mpaka masiku awiri okha. Kwa masabata 15 mphamvu ya mtima ndi mapapo awo sinatsike, malinga ngati pa masiku awiriwo ankalimbikira mofanana ndi kale. Atayesa kuchepetsa kulimbikirako, m'pamene mphamvu inayamba kugwa. Ndiye kusunga chimene unapeza n'kotsika mtengo kuposa kuchipeza. Kusiyiratu ndi kumene kumawononga, pakuti masabata awiri kapena anayi ongokhala amakwana kuti mpweya uyambe kuchepa.

Kusambira kokha ndiye ndikuchondererani, musakusiyiretu. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, kotero kalakwitsidwe kakang'ono ka dzanja kamakubweza m'mbuyo kwambiri. Kusambira ndi luso kuposa mphamvu. Pali kanthu kena kamene osambira amakadziwa, kamene chikhatho chimamva chikagwira madzi n'kuwakankhira kumbuyo. Ukakhala mwezi osalowa m'dziwe, umabwerera n'kupeza dzanja likungodutsa ngati likupalasa mphepo. Amene anaphunzira ali ana kamabwerera msanga. Ife amene tinaphunzira tili akuluakulu, kamathawa msanga n'kubwera mochedwa. Kamodzi pa sabata, ngakhale mphindi 30, kamakhalabe m'manja.

Funso lina n'lakuti musankhe ati. Ambiri timathamangira amene timawakonda, amene timatamandidwa nawo. Ngati cholinga chanu n'kudzachita bwino pa triathlon chaka chamawa, sankhani amene amakupwetekani mtima. Ndaona anthu amene anapirira miyezi itatu akulowa m'dziwe kanayi pa sabata, ali m'gulu la osambira enieni, akupitiriridwa ndi ana asukulu, ndipo atabwerera mantha a madzi anali atatheratu. Munthu wotuluka m'madzi mtima uli m'malo amapalasanso bwino. Koma ngati chakufikitsani apa ndi kutopa kwa mumtima, ngati alamu ikalira m'bandakucha mumamva ngati mulire, pamenepo sankhani amene amakusangalatsani, ndipo wotchi muisiye kunyumba masiku ena. Zifukwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo muyenera kudziuza zoona kuti chanu n'chiti musanayambe.

Muikenso malire. Masabata asanu ndi atatu mpaka khumi ndi awiri amakwanira anthu ambiri, ndipo zimathandiza kukhala ndi mpikisano umodzi kumapeto kwake woti muziuyang'ana. Ena mudzafika kumapetoko n'kuzindikira kuti kwanu n'komweko, simukufunanso kubwerera. Pitani ndi mtendere, pano mudzakhalabe abale athu.

Obwereranu, musalembetse triathlon sabata yomwe mwabwerayo. Dzipatseni mwezi ndi theka kapena iwiri. Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kusintha kuja, kutsika panjinga n'kuyamba kuthamanga nthawi yomweyo. Tsiku loyamba miyendo imakhala ngati ya munthu wina, yolemera, yosamva zimene ukuiuza. Yambani ndi mphindi khumi zokha mukangotsika panjinga, kamodzi pa sabata, ndipo masewera amene munawasiya muwayambe pa theka la mlingo wanu wakale, makamaka ngati amene munawasiyawo ndi kuthamanga.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Mayi, imirirani kuti tonse timve funso lanu.