Kuika alitaneta pa Ford 8N: samalani ndi kawaya ka nambala 1

Thirakitala yomwe tikukonzayi ndi Ford 8N, ya m'gulu lomwe linapangidwa ku America kuyambira 1947 mpaka 1952. Inabwera ndi dayinamo (makina otchaja batire) ya mavoti 6, ndipo pozitivi ya batire ndi imene inkamangidwa kuchitsulo cha thirakitala. Lero tiisinthira ku mavoti 12 poikamo alitaneta ya Delco 10SI m'malo mwa dayinamoyo.

Yambani mwachotsa batire. Pa batire yatsopano, negativi ndiyo izipita kuchitsulo. Mukatembenuza, madayodi (tizipangizo todutsitsa moto mbali imodzi yokha) a mu alitaneta amapsa pomwepo. Dayinamo ichoke pamodzi ndi regyuleta yake (kachipangizo kowongolera mavoti), chifukwa 10SI ili ndi yakeyake mkatimu.

Taonani kumbuyo kwa alitaneta. Bauti yolembedwa BAT imalandira waya wonenepa, wa geji 10, wodutsa pa amita (mita yoonetsa ngati batire ikutchajidwa) kupita ku pozitivi ya batire. Pambali pake pali timapini tiwiri, nambala 1 ndi nambala 2. Nambala 2 ndi kamene kamayeza mavoti. Kalumikizeni ku BAT ndi kawaya kakafupi, basi.

Nkhani yonse ili pa nambala 1. Alitaneta siyamba kutchaja yokha, imafuna kudzutsidwa ndi moto wochokera ku kiyi. Koma musalumikize waya umenewu mwachindunji. Injini ikangolira, alitaneta imabweza moto kudzera momwemo mpaka ku koyilo (yomwe imapereka moto ku mapulagi), ndiye mudzazimitsa kiyi thirakitala n'kumalirabe. Zimenezi n'zoopsa, makamaka ngati kumbuyo kwa thirakitala kuli makina ozungulira. Pakati pa kiyi ndi nambala 1 ikanipo kababu kakang'ono, kapena dayodi yomwe mzere wake wayang'ana ku alitaneta. Ine ndimakonda babu, chifukwa imakuuzani zimene zikuchitika: imayaka mukatsegula kiyi, n'kuzima kutchaja kukayamba. Ikayakanso muli kumunda, mwadziwa kuti lamba waduka kapena alitaneta yasiya.

Mawaya a pa amita muwasinthanitse, apo ayi muvi uzionetsa chammbuyo. Mababu onse akhale a mavoti 12, koyilonso chimodzimodzi, kapena muiikire resistor (kachipangizo kochepetsa moto) yoyenera. Sitata yakale isiyeni, imazungulira mbali yomweyo, kungoti musamaipukuse nthawi yaitali. Lamba wa 8N ndi wotambalala, choncho pule ya alitaneta ikhale yogwirizana naye.

Lizani injini, muyeze pa batire. Mita ionetse pafupifupi mavoti 14. Kenaka zimitsani kiyi. Injini izime nthawi yomweyo.