Agogo Akati "Ndatsala Pang'ono," Mumayankha Chiyani?

[Chithunzi: gogo wamkazi wakhala pamkeka pakhonde, dzuwa likulowa]

Moni nonse. Agogo anu akanena kuti, "Ine ndatsala pang'ono, mudzandiike pafupi ndi mayi anga," inu mumati chiyani? Ambirife timadula nkhani pomwepo: "Aa agogo, musalankhule choncho, mukadali olimba." Timayesa tawatonthoza. Koma usiku tonse tikagona, iwo amatsala maso, akuwerenga anzawo amene anapita kale.

Lero tikambe za chithandizo china chimene chimachita zosiyana ndi zimenezi, chotchedwa narrative therapy, chimene phungu amathandiza munthu pocheza naye za nkhani ya moyo wake. Anachiyambitsa ndi Michael White wa ku Adelaide ku Australia ndi David Epston wa ku Auckland ku New Zealand, m'zaka za m'ma 1980. Mfundo yawo inali yakuti munthu si vuto, vuto ndi vutolo.

[Pa sikirini: Munthu si vuto]

Ndiye phungu sanena kuti agogo ndi amantha. Amawatenga Manthawo ngati mlendo wobwera osaitanidwa, n'kufunsa kuti, "Agogo, Manthawa amafika nthawi yanji? Amakunong'onezani chiyani?" Apa ndi pamene zimaoneka kuti nthawi zina chikuwasowetsa tulo si imfa yeniyeniyo. Mwina ndi adzukulu amasiye amene akulera, kuti adzatsala ndi ndani. Mwina ndi kuopa kudwala nthawi yaitali n'kukhala mtolo kwa mwana wawo wamkazi. Kenako funso limene ine ndimalikonda kwambiri: "Lilipo tsiku limene Mantha anagogoda, inu osatsegula?" Mayi amene anaika mwamuna wake m'manda, napirira chaka cha njala, sangasowe tsiku lotere. Vuto n'lakuti palibe anamufunsapo.

Kupatsa vuto dzina si kwachilendo kuno kwathu. M'zaka za m'ma 1990, Yvonne Sliep ndi aphungu a ku Malawi ankasandutsa Edzi kukhala munthu m'sewero, anthu a m'mudzi n'kumamufunsa mafunso maso ndi maso.

[Chithunzi: manja atanyamula chithunzi chakale cha ukwati]

Mbali ina White anaitenga kwa Barbara Myerhoff, amene m'zaka za m'ma 1970 anaphunzira moyo wa Ayuda okalamba ku Venice, California. Myerhoff anaona kuti okalamba amafuna mboni, anthu omva mbiri yawo. Choncho akufa sathamangitsidwa pa zokambirana. Phungu amafunsa kuti, "Malemu amuna anu akanaona mmene mwalerera anawa, akanati chiyani?" Agogo akayankha, amazindikira okha kuti munthu amene anamwalira zaka 20 zapitazo akadali ndi mawu m'nyumbamo. Ndiye iwonso sadzazimiririka tsiku la maliro awo.

Epston ankakondanso kulemba makalata kwa anthu amene wacheza nawo, pogwiritsa ntchito mawu awo omwe. Kwa agogo osadziwa kuwerenga, mdzukulu angathe kujambula mawu awo pafoni n'kuwamvetsera limodzi.

Koma chenjezo: ngati agogo asiya kudya, akhala milungu ingapo osagona, kapena akunena zodzipha, kucheza kokha sikukwanira. Pitani nawo kuchipatala.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona Mtengo wa Moyo, njira imene Ncazelo Ncube wa ku Zimbabwe anakonza pamodzi ndi David Denborough, yofotokoza moyo wa munthu pojambula mizu, thunthu, nthambi ndi zipatso.