Banjo, Laputopu ndi Abwana Odula Malipiro

Ndikupatsani moni nonse abale anga amene mukumvera, kaya muli pa shifiti ya usiku, kaya muli m'galimoto kuthamangira kuntchito yachiwiri. Sabata ino ndinakonza nkhani ina, koma zimene zachitika Loweruka lapitali kubala kumene ndimagwira ntchito kuno ku Nashville, m'dziko la America, zandikhala pakhosi, ndipo ndikapanda kuzilavula sindipeza tulo.

Amene munafikapo mumsewu wa Broadway mukudziwa kale mmene zimakhalira. Bala iliyonse ili ndi nsanja yake, magulu oimba amasinthana maola anayianayi kuyambira masana mpaka usiku, ndipo ambiri amadalira chidebe cha matipi chimene chimazungulira pakati pa alendo. Ine ntchito yanga ndi yotolera matambula ndi kukolopa pansi, choncho nyimbo za country ndimazimva mlungu wathunthu, ndifune ndisafune.

Usiku umenewo gulu limene limayenera kuimba silinafike, ndipo abwana anaimbira foni mtsikana wina woimba payekha, amene alibe kampani yojambulitsa nyimbo kapena womuyang'anira. Anafika yekhayekha, banjo kumsana, laputopu m'chikwama, ndi kabokosi koponda ndi phazi. Maimbidwe ake ndi otere: amayamba wakhwacha banjo kwa kamphindi, kenako aponda kabokosi kaja, kamene kamasunga mawuwo ndi kumawabwereza kosalekeza; pamwamba pake laputopu imaponya ng'oma yolemera yogunda mofanana ngati mtima wa munthu wothamanga, maulendo oposa 120 pa mphindi imodzi, monga zimakhalira m'nyimbo zovina zotchedwa house. Iye n'kumaimba za munda wa agogo ake umene unagulitsidwa, mawu achisoni enieni a country. Akafika pakati ng'oma ija imaduka, phokoso limakwera pang'onopang'ono, anthu n'kumadikira atakweza manja, kenako besi imagwa nyumba yonse n'kunjenjemera.

Ndivomere pamaso panu kuti poyamba ndinanyansidwa nazo. Ine country ndinakula nayo. Bambo anga ankakhala pakhonde Lamlungu masana wailesi ili pamwendo, Jim Reeves kapena Don Williams akuimba, ndipo mwana wosokosera nthawi imeneyo ankaona zakuda. Anyamata achizungu amene ndimagwira nawo ntchito amadabwa ndikamawauza zimenezi. Wina anandifunsa ngati ku Africa timaidziwa country, ndipo ndinamufunsa ngati akudziwa kuti Don Williams anakaimba ku Harare mu 1997, kapena kuti Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege mu 1964 kufupi ndi mzinda womwe uno umene mnyamatayo anabadwira. Anangoti kukamwa yasa. Akavala chipewa chachikulu ndi nsapato zachikopa amayesa kuti atha zonse, pamene ife amene tinaimvera pawailesi ya mabatire otha mphamvu timaisunga mumtima kuposa iwo. Ndiye nditamva banjo ikukokedwa ndi ng'oma ya kompyuta, ndinaona ngati wina akuvina pamanda a bambo anga.

Koma ndisakutayitseni, nkhani ndi ya abwana. Nthawi yotseka itakwana, anamuitanira mtsikana uja pafupi ndi khomo la kukhitchini, pamene ine ndinali kutsuka ndowa, n'kumupatsa theka la ndalama zimene anagwirizana pafoni. Chifukwa chake, akuti, anaitana woimba country, ndipo zimene iye anaimba si country yeniyeni. Abale anga, pamenepo n'kuti kwa maola anayi malo ovinira atadzaza mpaka pakhomo, agogo a zipewa akuvina mondondozana pamodzi ndi ana asukulu zaukachenjede, mowa utatha m'mafiriji awiri, ine ndemwe miyendo itatupa chifukwa chothamanga ndi matambula. Nthawi yonseyo abwana anali kumwetulira pamakina olandirira ndalama, ndipo sanaonepo vuto ndi mtundu wa nyimbo mpaka itafika nthawi yolowetsa dzanja m'thumba.

Mawu amenewa ife timawadziwa bwino. Munthu akafuna kukudyera masuku pamutu amadikira kuti ntchito ithe, kenako ndi pamene amakumbukira kuti ndiwe wosakwanira: mapepala ako sanawamvetse, Chingerezi chako makasitomala sachimva, luso lako si lakuno. Ndimanena nthawi zonse pa pulogalamu ino, ndipo ndibwerezanso ngakhale mutope nane, kuti pangano la pakamwa kuno ndi mphepo. Mukagwirizana malipiro pafoni, tumizani uthenga wolemba nthawi yomweyo wotchula ndalama, maola ndi tsiku, ndipo musanyamuke pakhomo asanayankhe. Musachite manyazi ngati mukupempha, chifukwa thukuta ndi lanu. Mtsikana uja ndi mbadwa ya dziko lino, khungu lake ndi lofanana ndi la abwana, koma popeza analibe cholembedwa ndiponso analibe kampani kumbuyo kwake, anamupinda ngati mmene amatipindira ife.

Ndipo country yeniyeniyo ndi iti? Banjo imene amaipachika pakhoma ngati chuma cha makolo awo inachokera ku zoimbira za akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, ndipo achibale ake, monga akonting ya anthu a mtundu wa Jola ku Senegal ndi Gambia, akuimbidwabe lero. Pulogalamu yotchuka ya nyimbo za country ya Grand Ole Opry, imene inayamba pa wailesi ya WSM mu 1925, mmodzi mwa akatswiri ake oyambirira anali munthu wakuda, DeFord Bailey, woimba harmonica. Mu 2013 Avicii, DJ wa ku Sweden, anakweza oimba banjo ndi gitala pansanja ya chikondwerero cha nyimbo zovina cha Ultra ku Miami, okonda nyimbo zovina ambiri n'kumunyoza, koma patangopita miyezi yochepa imodzi mwa nyimbo zomwezo inali patsogolo m'mayiko ambiri. Mu 2019 a Billboard, amene amasanja nyimbo potengera kutchuka kwake, anachotsa nyimbo ya Lil Nas X pamndandanda wa country ponena kuti siikwanira, ndipo inakakhala pa nambala 1 pamndandanda waukulu kwa masabata 19. Alonda a pachipata amenewa akhala alipo kuyambira kale, ndipo ine amene ndinanyansidwa Loweruka lija ndinali mmodzi wa iwo kwa ola lathunthu, mpaka ndinadzipeza ndikugwedeza mutu chokolopera chili m'manja.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndinamva zonse ndipo sindinatsegule pakamwa. Inu mukudziwa chifukwa chake, sindichita kufotokoza. Kwa eni kulibe mkuwe. Chimene ndinatha kuchita ndi kumunyamulira sipika mpaka kumene anaimika galimoto, kutali ndithu, ndipo iye anandiperekeza kunyumba mbali ya Nolensville Pike.

M'njira anandifotokozera moyo wake. Amajambula nyimbo m'chipinda chogona atatchinga zenera ndi bulangete, amazikweza yekha pa intaneti, amadzijambula yekha makanema a TikTok, amayendetsa yekha galimoto kupita kumene waitanidwa. Kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa chaka pa Spotify, malo omverera nyimbo pa intaneti, siilandira kalikonse, choncho chakudya chake chenicheni chimachokera pansanja ngati ija. Kumalo a country amamuuza kuti ndi DJ, kumalo ovinira amamuuza kuti ndi wakumudzi. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa inenso kuno ndine wa ku Africa, koma ndikaimba foni kumudzi amanditcha Mmereka.

Ndinamuuza za banjo zimene tinkakhoma tili ana, za chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo ndinamung'ung'udzira kanyimbo kena kamene tinkaimba. Anaimika galimoto pambali, natulutsa foni, nandipempha kuti ndibwereze kuti akaike ng'oma pansi pake. Ndinamuyankha kuti, "Mlongo wanga, ndibwereza, koma muyambe mwanditumizira uthenga wolemba." Anaseka, koma anautumiza pomwepo, gawo langa lili momwemo. Tagwirizana kuti Lachinayi ndikaweruka ndipite kukajambula, ndipo chigubu ndachipeza kale kukhitchini kwa abwana omwe aja. Chatsala ndi mawaya.