Makalata a Omvera: Ana Akumaliza Bandulo pa Kompyuta ya Pakhomo

Kalata yathu yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndipo alemba kuti: "Tinagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito kuti mwana wathu wa Fomu 3 aziwerengerapo, koma bandulo ya mwezi wathunthu ikutha m'masiku ochepa chifukwa iye ndi mng'ono wake amangokhalira kupanga dawunilodi magemu ndi mafilimu. Tsopano kompyutayo ikuchedwa kwambiri ndipo pakumatulukira zithunzi zosayenera kuzitchula pa wailesi. Kodi ilipo pulogalamu yowaletsa?"

Zikomo amayi chifukwa cha kalata yanu. Musanayambe kufunafuna pulogalamu, fufuzani kaye kuti anawo amalowa mu kompyutayo ndi akaunti yotani. Mu Windows muli akaunti ya administrator, yomwe ili ngati mwini nyumba wosunga makiyi onse, ndi akaunti ya standard, yomwe mwini wake amafunsidwa pasiwedi ya administrator pa mapulogalamu ambiri amene angafune kuika. Makompyuta ogulidwa kwa ena nthawi zambiri amabwera ndi akaunti imodzi yokha, ya administrator, yopandanso pasiwedi, kotero kuti chilichonse chimene mungaikemo mwana angathe kuchichotsa madzulo omwewo. Atsegulireni anawo akaunti ya standard, ndipo pasiwedi yanu isakhale dzina la mwana kapena chaka chimene munabadwa, pakuti zimenezo ndi zomwe iwo amayamba kuyesa.

Mukatero, gwiritsani ntchito Microsoft Family Safety, yomwe ndi yaulere pa Windows 10 ndi Windows 11. Mwana amafunika akaunti yakeyake ya Microsoft imene mumailumikiza ku yanu, ndipo kuchokera pamenepo mumasankha maola amene angakhale pa kompyuta, mumaletsa magemu osagwirizana ndi msinkhu wake, komanso mumalandira lipoti la zimene wakhala akuchita. Dziwani kuti kusefa masamba a pa intaneti kumagwira ntchito mu Edge mokha, pulogalamu ya Microsoft yotsegulira masambawo, n'chifukwa chake mukakuyatsa, zinzake monga Chrome ndi Firefox zimatsekedwa pa akaunti ya mwanayo. Ndisakunamizeni kuti dawunilodi iliyonse idzatheratu, chifukwa filimu imene ili pa tsamba lololedwa angathebe kuitenga, pokhapokha mutasankha kuti azitsegula masamba okhawo amene inu mwawavomereza.

Pa nkhani ya bandulo, ndiwaikireko kumbuyo anawo pang'ono, chifukwa Windows nayo imadya deta yambiri ikamadzikonza yokha mwakachetechete. Pitani pa Settings, musankhe intaneti imene mumagwiritsa ntchito, muyatse metered connection, yomwe imauza Windows kuti isamale deta, ndipo muikenso malire a deta ya pamwezi.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Kawale, amene akuti: "Zonsezi ndinachita kale, koma mnyamata wanga amabweretsa mafilimu pa fulashi kuchokera kwa anzake, ndipo nthawi zina amalumikiza kompyuta ku foni yake."

Bambo, apa mwakhudza pamene mapulogalamuwa amalephera. Ngati muli ndi rauta pakhomo, kachipangizo kogawa intaneti, mungathe kusintha DNS yake, imene imalozera zipangizo kumene kuli masamba a pa intaneti, kukhala 1.1.1.3, njira yaulere imene kampani ya Cloudflare inakhazikitsa mu 2020 yotseka masamba olaula ndi a mavairasi pa zipangizo zonse zolumikizidwa ku rautayo. Koma mnyamatayo akayatsa hotspot pa foni yake kuti kompyuta izitenga intaneti ku foniyo, rautayo wailambalala, choncho foniyo iyeneranso kuyang'aniridwa, ndipo ngati ndi ya Android, Google Family Link imakupatsani mphamvu yovomereza kapena kukana zimene akufuna kutenga pa Play Store. Za fulashi, akaunti ya standard imachepetsa kuwonongeka kumene vairasi ingachite, koma siingaletse filimu kuonetsedwa, ndiye ine ndikanakhala inu ndikanaichotsa kompyutayo kuchipinda kwa anyamata n'kuiika pabalaza, itayang'ana kumene anthu amadutsa.