Makalata a Omvera: Kodi Wosesa mu Ofesi ndi "Colleague"?

Omvera athu okondedwa, takulandirani ku gawo la makalata m'pulogalamu yathu yophunzira Chingerezi. Sabata yatha tinaphunzira mawu akuti "colleague", amene amanena za munthu amene mumagwira naye ntchito, ndipo makalata amene abwera pa mawu okhawa ndi ambiri moti ena ndingowayankha mwachidule.

Bambo wina akufunsa ngati "colleague" ndi "college" ali mawu amodzi. Ayi bambo. Oyambawo amamveka ngati "kolig", zilembo ziwiri zomaliza sizitchulidwa monga momwe zilili ndi mawu akuti "league", pomwe achiwiriwo amamveka ngati "kolij" ndipo akunena za koleji. Mukawasokoneza mudzauza anthu kuti mwadya nkhomaliro ndi koleji yathunthu, nyumba zake zomwe. Mtsikana wina wa kusekondale akufunsa ngati anzake a m'kalasi angawatchule "colleagues". Mwana wanga, amenewo ndi "classmates", ndipo mawu enawa uwasungire tsiku limene udzalembedwe ntchito.

Tsopano pali kalata ya mayi wina imene ndikufuna tiimve tonse modekha. Iwo alemba motere: "Ndimagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pa ofesi ina, ndipo madzulo ndimamvera pulogalamu yanu kope lili m'manja. Lolemba m'mawa ndinalowa m'chipinda cha akalaliki n'kuwapatsa moni kuti, 'Good morning, colleagues.' Mmodzi wa iwo anaseka mpaka kugwetsa cholembera, kenako anandiuza pamaso pa onse kuti iye sangakhale 'colleague' wa munthu wogwira tsache. Kuyambira tsikulo ndikuchita manyazi kuyankhula Chingerezi. Kodi ndinalakwitsa?"

Mayi, simunalakwitse ngakhale pang'ono, ndipo kalata yanu yandiwawa mumtima. Moni wanu unali wolongosoka: munaika "s" kumapeto chifukwa anthuwo anali ambiri, ndipo munaupereka kwa anthu amene analembedwa ntchito pamalo amodzi ndi inu. Kuti ndisabise kanthu, ndinene komwe maganizo a akalalikiwo angachokere. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mawu akuti "collega", kutanthauza munthu wosankhidwa pamodzi ndi mnzake, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1500. Ku Roma wakale ankasankha atsogoleri awiri chaka chilichonse kuti alamulire limodzi ndi mphamvu zofanana, ndipo aliyense anali "collega" wa mnzakeyo. Choncho poyamba mawuwa ankanenadi za anthu a udindo wofanana, ndipo mpaka lero amamveka kwambiri pakati pa madokotala, aphunzitsi ndi maloya, amene amatchulana choncho ngakhale akugwira ntchito m'maiko osiyana.

Koma chiyankhulo chimayenda ndi anthu amene akuchigwiritsa ntchito. Masiku ano mkulu wa kampani akafuna kulembera antchito onse imelo amayamba ndi "Dear colleagues", ndipo uthengawo umafika kwa aliyense, kuyambira wachiwiri wake mpaka mesenjala ndi mlonda wa pachipata. Dokotala waulemu amatchula namwino kuti "my colleague", ndipo bwana wamakhalidwe akamaonetsa wantchito wake wamng'ono kwa mlendo amanena kuti "This is my colleague", posafuna kumuchepetsa. Ngati akuluakulu otere saona vuto, ndi chiyani chingavute akalaliki?

Chenjezo limodzi lokha ndikupatseni, mayi. Mukamaonetsa bwana wanu kwa mlendo, ndi bwino kunena kuti "This is my manager", chifukwa mlendoyo amafunika kudziwa amene ali ndi mphamvu zogamula nkhani. Kwina konseku yankhulani momasuka. Lembani ziganizo izi m'kope lanu lija: "She is a colleague of mine", kutanthauza kuti mayiyu ndimagwira naye ntchito, "My colleagues helped me", anzanga a kuntchito anandithandiza, ndiponso "He is a former colleague", bamboyu ndinkagwira naye ntchito kale. Aliponso mawu akuti "coworker", amene amamveka kwambiri ku America, ndi "workmate", amene anthu a ku Britain amagwiritsa ntchito pocheza. Mungathe kuwadziwa onsewa, koma musathawire kumeneko chifukwa cha kuseka kwa munthu mmodzi.

Ndipo kwa inu akalaliki, ngati mukumvera, ndiloleni ndikudzudzuleni monga m'bale wanu. Mukafika m'mawa mumapeza tebulo lanu lopukutidwa, fumbi la pa kompyuta litachotsedwa, zinyalala za dzulo zitatayidwa, ndipo mumakhala pampando n'kuyamba ntchito osaganiza n'komwe kuti wina analawirira kuti zinthu zikhale choncho. Mayiyu atajomba sabata imodzi yokha, ndinu amene mungayambe kufunsa kuti ali kuti. Mumalowera chipata chimodzi, amakulipirani ndi bwana mmodzi, ndipo ntchito yanu imayenda chifukwa yake yayenda.

Nkhaniyi ndikuitalikitsa chifukwa madandaulo otere sakuleka kubwera. Mwezi ndi mwezi timalandira makalata a anthu amene anayesa chiganizo chatsopano kuntchito, wina n'kuwaseka, iwo n'kutsekeratu pakamwa. Munthu wamkulu amene waweruka kuntchito atatopa, n'kukhala pansi ndi kope kuti aphunzire chiyankhulo chachilendo, akuchita chinthu chofuna kulimba mtima, ndipo palibe amene anadziwa chiyankhulo osachiyankhula molakwitsa poyamba. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi: mnzanu akaphonya, muitanireni pambali ndi kumuuza katchulidwe koyenera. Kumuseka pagulu sikumuphunzitsa kanthu, kumangomulanda chidwi chimene anali nacho. Mayi, mawa m'mawa mukalowenso m'chipindacho ndi moni womwewo, mokweza mawu, ndipo mudzatilembere kutiuza momwe zayendera.

Mnyamata wina wangoyamba kumene ntchito ndipo akufunsa za "my fellow colleague". Achimwene, mudzamva anthu akunena choncho, koma "fellow" n'ngosafunika, popeza tanthauzo la unzake lili kale m'mawu achiwiriwo. Mayi winanso akufunsa ngati angathe kunena kuti "He is a staff". Ayi mayi, "staff" ndi gulu lonse la antchito, choncho za munthu mmodzi nenani kuti "He is a member of staff", kapena mungoti "He is my colleague". Nthawi yatithera, makalata otsalawa tidzawawerenga sabata ya mawa.