Amayi anandifunsa ngati tinachipeza

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya ku Joni mukuchokera kuntchito. Kuno ku Long Island, ku New York, kwazizira moti ndikujambula ndili m'bulangeti.

Lamlungu amayi anandiimbira pa WhatsApp. Akuti, “Iwe, zaka zonsezi uli ku America, chimene mumafunafunacho munachipeza?” Ndinangoseka, ayi ndithu yankho linandisowa. Tsono ndiyese kuwayankha pano.

Ndinabwera kudzaphunzira physics, ndipo ntchito yanga ndi kusanthula zimene STAR, chimakina chojambula tizidutswa ta maatomu akawombana, inajambula ku Brookhaven National Laboratory. Malowo ali m'thengo. M'mawa umakumana ndi nkhukutembo zakutchire zikuwoloka msewu mosathamanga. Kumeneko kuli makina otchedwa RHIC, mphete ya makilomita 3.8 kuzungulira, imene kuyambira 2000 inkawombanitsa mitima ya maatomu a golide pa liwiro loyandikira la kuwala. Ikawombana pamatentha madigiri 4 thililiyoni, mapulotoni a m'mitimamo n'kusungunuka kukhala phala la ma quark ndi ma gluon, tizidutswa timene timapanga mapulotoniwo.

Chimene tinkafunafunacho ndi nkhani ya dzanja lamanja ndi lamanzere. Kale asayansi ankati chilengedwe sichisankha dzanja: chochitika kuno chingachitikenso chimodzimodzi m'galasi. Mu 1957 mayi Chien-Shiung Wu anaonetsa ndi chitsulo cha cobalt-60 kuti weak force, mphamvu imene imachititsa maatomu ena kusintha okha, imasankha. Nanga strong force, imene imamanga mtima wa atomu? Wasayansi Dmitri Kharzeev ndi anzake anati m'phala lija mungathe kubadwa timadontho momwe ma quark a dzanja limodzi achuluka. Mitima ikakhulana cham'mbali pamabuka mphamvu ya maginito yoopsa, ndiye tizidutswa ta positive tiyenera kuthawira kwina, ta negative kwinanso.

Mu 2009 STAR inaonadi zooneka ngati zimenezo. Koma vuto n'lakuti phala lija likamamwazika limathanso kupereka chithunzi chomwecho popanda dzanja lililonse kusankhidwa. Zili ngati wamva kuyoyoma m'chimanga usiku: ndi fisi kapena mphepo?

Ndiye mu 2018 anawombanitsa zitsulo ziwiri, ruthenium-96 payokha, zirconium-96 payokhanso. Kulemera n'kofanana, koma ruthenium ili ndi mapulotoni 44, inzake 40, choncho maginito ake ndi amphamvupo. Ngati fisi alipo, aonekere kwambiri ku ruthenium. Chimene chinandigwira mtima ine ndi ichi: osanthula anabisidwa kuti manambala awa ndi a chitsulo chiti mpaka atamaliza kukonza njira zawo, kuopa kuti mtima ungaone zimene ukufuna. Poyamba ndinkati n'kusakhulupirirana chabe. Nditadzigwira ndekha kangapo ndikusangalalira mzere wokhota pa kompyuta 2 koloko usiku, ndinasiya kutero.

Zotsatira zinatuluka pa 31 Ogasiti 2021. Chizindikiro chimene anagwirizana pasadakhale sichinaoneke. Kunapezekanso kuti mitima iwiriyo si yofanana maumbidwe monga tinkaganizira. Tsiku limenelo ndinakwera sitima ku Ronkonkoma kupita ku New York kukagula ufa, ndinaphika nsima ndi kabichi, n'kudya ndekha.

Amayi nditawauza mwachidule anati, “Ndiye amakulipirani chifukwa chosapeza?” Ndinati eya, amayi, pang'ono. Akuti bola nditumize ya feteleza mvula isanagwe.